Nyimbo Zachitsulo za Abambo Anga

Ndikakumbukira abambo anga, chimene chimayamba kubwera si nkhope yawo ayi, koma chikhatho changa chili pa bokosi la sipika. Linali bokosi lamatabwa lomwe anakhoma okha, lakuda ndi utsi, ndipo nyimbo ikamalira linkanjenjemera ngati chifuwa cha mphaka. Ankandigwira dzanja n'kulitsamiritsa pamenepo, iwo atatsinzina, n'kundifunsa mokuwa kuti, "Wayimva? Imeneyo ndiye nyimbo!" Ine ndinkangogwedeza mutu, mano akuyabwa ndi phokoso. Inali nyengo ya chiperoni, miyezi ija mtambo umatsika kuphiri la Michesi n'kukhala pakhomo osafuna kutsanzika, zovala osauma, nkhuni kumangofuka, miyendo ya ana tonse ili mbuu. Pamudzi ponse pankanunkha utsi wa nkhuni zonyowa ndi kalongonda amene amayi ankaphika kuyambira m'mawa, akutaya madzi ndi kuthira ena kuti asatiledzeretse.

Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri, pambali pa njira yokwera ku Fort Lister, ndipo ndi mudzi wa mbumba ya amayi. Nyumba zonse zinali za amayi ndi abale awo aakazi, minda nayo chimodzimodzi, ndipo mwini mbumba anali amalume aJuwawo, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pachabe. Abambo anali mkamwini, kwawo ku Mkhumba. Ndili wamng'ono anapita ku Joni kukagwira ntchito m'fakitale yodula ndi kupinda zitsulo, ndipo pobwerako anali ndi njinga, jekete lachikopa, wailesi ya makaseti ndi katoni yodzaza makaseti a nyimbo zimene anazolowera kumvera ndi anzawo a kuntchito. Anabweranso ndi khalidwe lachilendo. Ankayankhula mokuwa ngati ali kutsidya la mtsinje, ndipo munthu akawapatsa moni ali kumbuyo kwawo ankangopitirira osayankha. Anthu anati Joni yawapatsa matama. Amalume ankakonda kunena, maso ali kumbali, kuti mkamwini asamakule mwendo.

Nyimbozo abambo ankazitcha zachitsulo. Magitala ake ankabangula ndi kukukuta, ng'oma zikuthamanga osapuma, woimba naye pena n'kumakuwa, pena kubuula kuchokera pansi pa mimba. Aliyense pamudzi anali ndi maganizo ake pa nyimbozo ngakhale panalibe amene anafunsidwa. Amayi aang'ono, aLusiya, omwe nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, ankati ndi chigayo chogaya miyala. Azimayi a pamjigo ankati azungu akakhuta amasowa chochita, mpaka kujambula ndewu ya agalu n'kumagulitsa. Amayi anga ankati nyimbo yopanda povinira ndi ndiwo zopanda mchere, koma ankanena akuseka, chifukwa amuna awo ankawakonda. Amene sankaseka anali amalume. Anali ataonapo zikuto za makaseti aja, pali zibade za anthu, malawi a moto ndi anyamata atsitsi lofika m'chiuno, ndipo masiku amenewo nkhani za usatana zinali m'kamwam'kamwa m'matchalitchi monse. Tsiku lina abambo, pofuna kuwakoka mtima, anati, "Alamu, tamverani ng'omazo, sizikusiyana ndi tchopa wa makolo athu." Amalume anadzuka, nasansa fumbi pa thalauza lawo, ndipo sanakhalenso pakhonde lathu.

M'dera lonse lathu munthu wina mmodzi yekha ndiye ankazidziwa nyimbozi, aMsiska, aphunzitsi a pasukulu yathu ochokera kumpoto. Anazimva akudutsa pa njinga, natembenuka, nafika pakhomo ali wefuwefu ngati apeza m'bale wawo kuchilendo. Iwo anaziyamba ali kukoleji, ndipo ankadziwa kuti zilipo zamitundu iwiri, zina ankati hadi roko, zina hevi meto, n'kumalumbira kuti n'zosiyana monga nandolo ndi khobwe. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse masana ankabwera ndi makaseti awo m'thumba la jekete, amayi n'kuwaotchera chinangwa, mkangano n'kuyamba. Sindinaonepo anthu awiri okondana amene ankatsutsana chotero. AMsiska ankati, "Akulu, zanuzi ndi mphamvu chabe. Nyimbo yabwino izikhala ndi njira, uzimva woimba akutchula mawu, gitala alire ngati munthu. Nanga wanuyu akuimba kapena akum'pha?" Abambo ankawayang'ana pakamwa mpaka amalize, kenaka n'kuseka. "Aphunzitsi, zanu zija ndi tiyi wa kuchipatala. Nyimbo ifike m'nthiti. Ikapanda kukugwedeza nthiti ndiye kuti yangodutsa panjira." AMsiska ankati akale ndiwo ankadziwa kuimba, atsopanowa angothamanga ngati awaba. Abambo ankati liwiro nalo ndi luso, munthu woimba ng'oma ndi mapazi onse awiri ngati akupalasa njinga pachitunda si woti n'kumupeputsa. Ankatha kukangana za kaseti imodzi mpaka chinangwa kuzizira, wina akuti gululo linaonongeka litalemera, wina akuti mpamene linakhwima.

Anafe tinatengera. Tinakhoma magitala a zigubu za mafuta ophikira ndi waya wa mabuleki a njinga, ng'oma zinali zitini, ndipo kuseri kwa khola la mbuzi tinagawikana magulu awiri, a aphunzitsi ndi a abambo. A aphunzitsi ankaimba mokokera mawu m'mwamba, a abambo tinkangobuula ndi kugwedeza mitu mpaka chizungulire. Wobuula bwino koposa tonse anali Paulo, mwana wa aLusiya, amene kwathu timangoti mlongo wanga. Anali wamng'ono, wosayamba n'komwe sukulu, kamimba patsogolo, koma akatsegula pakamwa mbuzi zinkasiya kudya. Abambo ankamukonda kwambiri, ankamunyamula n'kumukhazika pamwamba pa bokosi lija kuti nyimbo imutekese, iye n'kumaseka mpaka misozi.

Loweruka lina aMsiska anaika kaseti yawo imene ankainyadira koposa. Inafika pamalo pamene ng'oma zimaleka, n'kutsala gitala mmodzi yekha akukwera pang'onopang'ono ndi kamawu kakang'ono kakuthwa. AMsiska anaimirira, chala m'mwamba, nkhope itawala. "Apa, akulu! Apa!" Abambo anayang'ana wailesi, nayang'ana aphunzitsi. "Pati? Kaseti yatha iyi." AMsiska anaseka poyesa kuti ndi chipongwe cha masiku onse, koma abambo anali atatambasula kale dzanja kuti aitembenuze, gitala uja akulirabe. Kuseka kwa aphunzitsi kunathera panjira. Anakhala pansi, nawayang'ana abambo nthawi yaitali.

Zoona zake zinali zakuti makina a ku Joni anawadya makutu abambo anga. Mawu ang'onoang'ono onse anawathawa: mbalame, likhweru, mawu a ana ndi a akazi. Chinatsala ndi zogunda ndi zolemera, zimene ankazimva pang'ono ndi khutu, kwambiri ndi chifuwa ndi mapazi. Mwa nyimbo zonse za padziko, zachitsulo zokhazo ndi zimene zinkawapezabe kumene anali. Amayi ankadziwa, inenso ndinkadziwa, koma abambo anatiletsa kuuza munthu. Ankati mwamuna wogontha pamudzi wa eni ake ndi chidole cha ana, ndipo ankaona kuti kuli bwino kutchedwa wamatama kusiyana ndi kutchedwa gonthi. Choncho ine ndinali makutu awo. Munthu akaodira, ndinkawakoka malaya. Akaitanidwa kumbuyo, ndinkawaponda chala. Ndinkawabwezeranso makaseti ndi bolopeni kuti batire isathe msanga, pakuti wailesi inkayendera batire ya galimoto, ndipo ikatha ankaimanga pa njinga ulendo wa ku Chiringa kukaichajitsa. Ntchito imeneyo ndinkainyadira, ndipo sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzafunika ndili kwina.

Chiperoni chili pakati, Paulo anadwala malungo. Anapita naye kuchipatala, anabwerako ndi mankhwala, tonse n'kuyesa kuti wayamba kupeza bwino. M'mawa wa tsiku lija anamwako phala, ndipo abambo pochoka kupita ku Chiringa ndi batire anamusiya atakhala tsonga. Masana thupi linatenthanso, anayamba kukomoka, amayi anathamangira m'nyumba mwa aLusiya, ine ananditumiza kumtsinje kukatunga madzi omupukutira. Ndili kumeneko Paulo anatsirizika. Kwathu munthu akamwalira palibe wolengeza, kulira kwa azimayi ndiko kumanena zonse. Amene ali kumunda amaika khasu pansi, wosinja amasiya munsi, wa wailesi amazimitsa, ndipo mudzi wonse umakhala zii kuti kulirako kufike kutali. Ngakhale woledzera amadziwa zimenezi. Abambo anabwera podzera kanjira ka kuseri kwa nyumba, atavala chipewa mpaka m'maso chifukwa cha kamvula kowaza. Analowetsa njinga, natseka chitseko poopa mphepo, nalumikiza batire yodzaza bwino, nakweza wailesi mpaka pothera.

Ndinazimva zonse ziwiri ndili pachitunda, ndowa ili pamutu: kulira kwa aLusiya, ndi pamwamba pake ng'oma zija zikuthamanga, munthu akubuula. Ndinataya ndowa n'kuthamanga, koma amalume anali atafika kale. Anthu anali ataima pabwalo, manja pakamwa. Amalume anagogoda, anaitana, anagogodanso, kenaka anakankha chitseko ndi phazi. Tonse tinaona. Abambo anali atakhala pansi, atakumbatira bokosi lija pachifuwa, atatsinzina, akumwetulira. Anatsegula maso kuwala kutawagwera, ndipo poona anthu pakhomo kumwetulirako kunakhalabe pankhope kanthawi, chifukwa sankadziwa chimene chachitika. Kumwetulira kumeneko ndi kumene mudzi sunaiwale.

Atamva kuti ndi Paulo analira ngati mwana, koma panalibe amene anawayang'ana. Pasiwa amuna anasuntha mipando. Kumanda anatenga khasu kuti athandize kukumba, adzukulu anawalanda mwakachetechete n'kupatsa wina. Manong'onong'o anayamba maliro asanaikidwe n'komwe. Bwanji mwanayo ankamukhazika pabokosi? Bwanji anachira m'mawa n'kufa batire itadzaza? Nanga zibade zija pa makaseti zinali za ndani? Azimayi omwe aja ankaseka za ndewu ya agalu tsopano ankati iwo anadziwa kalekale kuti si nyimbo wamba. Chimene dzulo chinali phokoso lotopetsa chinasanduka umboni wakuti mkamwini wapereka mwana nsembe. Ine ndinkayenda pakati pa anthuwo ndi mantha okhaokha, pakuti ndinkamva zonse zimene abambo sankamva.

Maliro atatha anaitana ankhoswe a abambo kuchokera ku Mkhumba, ndipo akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango, mtambo uli pamutu. Anafe tinaunjikana pafupi ndi nkhokwe. Abambo anakhala pamphasa pakati, ndipo pamenepo ananena chimene anachibisa zaka zonse zija. Ananena mokuwa monga mwa masiku onse, mutu uli pansi. "Alamu, ine sindimva. Makutu anafera ku Joni. Kulira kwa alamu anga aLusiya sindinakumve, Mulungu ndi mboni." Amayi anavomereza misozi ili chuchuchu. Amalume anadikira kuti onse akhale chete, kenaka anafunsa mofatsa, "Gonthi anayamba liti kumvera wailesi? Munthu wopalasa njinga mpaka ku Chiringa chifukwa cha nyimbo, lero akuti samva?" Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo kunena zoona funsolo linali lomveka kwa aliyense amene sanaikepo chikhatho pa bokosi lija.

AMsiska anali atabwera osaitanidwa. Anapempha kuyankhula, nafotokoza za Loweruka lija, za gitala amene abambo sanamumve, nati miyezi yonseyo ankayesa kuti akukangana ndi munthu wouma mutu pamene ankakangana ndi munthu womva theka la nyimbo. Anayankhula bwino, koma anali mlendo, wapantchito ya boma, ndiponso womvera nyimbo zomwezo. Wina anati mlendo ndi mame, za pamudzi pano azisiye. Amalume sanafune kuti anthu adzati anaweruza mwankhanza, choncho anati ayese. Anakodola mnyamata wina, namunong'oneza. Mnyamatayo anazungulira kuseri, natenga munsi wa amayi, naima kumbuyo kwa abambo, naugwetsa pansi mwamphamvu, di! Nthaka inagwedezeka pansi pa mphasa, ndipo abambo anatembenuka msangamsanga. Akanawaimbira likhweru, akanawaitana dzina, akanauza mwana kuti alire, abambo akanakhala osagwedezeka mpaka dzuwa kulowa. Koma kwathu munthu akafuna kuyesa gonthi amaganiza za chinthu chaphokoso lalikulu, ndipo anasankha chinthu chokhacho chimene abambo ankachimva. Amalume anatambasula manja nati, "Mwaona nokha." AMsiska anayesa kunena kuti abambo amva ndi thupi, ine ndinakuwa kuchokera kunkhokwe kuti awayese ndi likhweru, koma anthu anali atayamba kale kudzuka. Abambo ankayang'ana pakamwa pa uyu ndi pa uyo, kufuna kudziwa kuti zatha bwanji.

Anagamula kuti abambo achoke pamudzi. Ankhoswe awo sanalimbane nazo kwambiri, mwina naonso nyimbozo zinkawachititsa manyazi. Amayi sanawatsatire abambo. Ndinawakwiyira zaka zambiri, koma lero ndine mayi ndipo ndikudziwa kuti munda unali pano, ana tinali pano, ndipo mwana wakufayo anali wa mng'ono wawo wa bere limodzi. Makaseti anawatulutsa pabwalo, achinyamata a kumpingo nawaphwanya ndi miyala, zikuto ndi bokosi la sipika anaziotcha akuimba nyimbo ya Mulungu. Fungo la pulasitiki wopsa linakhala m'zovala zathu mpaka chiperoni chitatha. Abambo anamanga jekete ndi bulangeti pa njinga pamalo pamene ankamanga batire. Anandigwira dzanja, naliika pachifuwa pawo monga ankachitira ndi bokosi lija, ndipo ndinamva mtima wawo ukugunda. Anakankha njinga kutsika nayo njira, mtambo n'kuwameza asanafike pamlatho.

Ulusi wa makaseti aja sunapse wonse. Unamwazikana m'tchire, unakola m'minga, ndipo chaka chotsatira mapira atayamba kucha ndinaupeza utamangidwa pamitengo m'munda umene ankalima amalume, ukunyezimira kuopseza mpheta. Pamenepo usatana wake unali utatha. Mphepo ikaomba ulusiwo unkalira kamawu kakang'ono kakuthwa, ndipo ndinkaima m'mphepete mwa munda kumvetsera, mtima ukuwawa, podziwa kuti mwini wake sakanakamva. AMsiska anasiya kunyamula makaseti m'thumba, ndipo pasanapite nthawi anapempha kusamutsidwa. Magitala athu a zigubu tinawataya tokha popanda wotiuza. ALusiya sanandiyankhulepo za tsiku lija mpaka anamwalira, koma sindikhulupirira kuti mumtima mwawo ankawayesa abambo mfiti. Ndiganiza kuti chisoni chawo chinkafuna pokhala, ndipo chinapeza mkamwini.

Ndinkapita kukawaona abambo ku Mkhumba sukulu ikatsekera. Ankalima nandolo ndi kukonza njinga za anthu, ndipo makutu anapitirira kutsekeka mpaka ngakhale bingu linaleka kuwafika. Wailesi sanagulenso. Nditayamba ntchito ndinawauza ndi manja kuti ndiwagulira ina ya sipika yaikulu, iwo anapukusa mutu nati, "Ndikaiyatsa, ndani adzandiuze kuti kunja kwagwa maliro?" Masiku ano ndimaona pafoni achinyamata akukangana za nyimbo zomwezi, awa akuti zakale ndiye zenizeni, awa akuti zatsopano ndiye zolemera, mawu ake omwe aja a pakhonde lathu. Ine sindilowerera. Ndinaphunzira ndili mwana kuti munthu akamaumirira kuti nyimbo iyi ndiyo yabwino, nthawi zina akungokuuza chimene chamutsalira, ndipo kumufunsa chifukwa chake n'kosavuta kusiyana ndi kumugwetsera munsi kumbuyo.

Abambo anamwalira nyengo ya chiperoninso, patapita zaka zambiri, ine ndili kale ndi ana anga. Anthu a ku Mkhumba anawalira mwaulemu wonse. Makasu anaikidwa pansi, minsi inasiyidwa, ndipo mudzi wonse unazimitsa mawailesi monga mwa mwambo. Ndinakhala pambali pa bokosi lawo la maliro m'kachetechete ameneyo, yemwe iwo anakhalamo zaka zonse zija ali moyo. Ndinaika chikhatho changa pa thabwa, ndipo silinanjenjemere.